MADZI A ZAMBEZI NDI MAGETSI A KU LIVINGSTONE

Nkhani ya lero ndi ya mtsinje wa Zambezi, ndi ya ngalande imodzi imene anthu anakumba pafupi ndi mzinda wa Livingstone kuti apatutse madzi ena a mtsinjewo asanafike pa mathithi. Ngalandeyo si yaitali, ndipo alendo ambiri opita kukaona Mosi-oa-Tunya amadutsa pafupi nayo osadziwa nchito yake. Koma madzi oyenda m'menemo ndiwo amayatsa nyale ku Maramba, ku Libuyu ndi ku Dambwa, ndipo mphamvu yake ina imakwera pa mawaya kunka kumpoto, kumene imasakanizika ndi ya ku Kariba ndi ya ku Kafue. Cotero munthu wa ku Kitwe kapena ku Mufulira amene amatsikira pansi pa mgodi m'mawa uliwonse ali nayo mbali m'nkhani imeneyi, ngakhale sanapondeko ku Livingstone ciyambire.

Mtsinjewu umayamba ngati kasupe wamng'ono m'nkhalango ya kumpoto kwa Mwinilunga, kufupi ndi phiri la Kalene, pa malo okwera mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamcere. Pamenepo mwana angathe kuulumpha. Kucokera apo umalowa m'dziko la Angola, nubwerera m'Zambia pa Chavuma, nulandira madzi a Kabompo ndi a Lungwebungu, kufikira utatambalala m'cigwa cacikuru ca ku Barotse, kwao kwa Alozi. Ukaturuka m'cigwamo umagwa pa mathithi a Ngonye ku Sioma, nupitirira Sesheke ndi Kazungula, ndipo pofika ku Livingstone uli pafupi ndi theka la ulendo wake wa makilomita oposa 2,500 wonka ku nyanja ya ku Mozambique.

Ku maiko ozizira, monga ku Switzerland, mitsinje yambiri imabadwira m'mapiri atali kumene mvula imagwa ngati cipale coyera, nikhala pa phiripo miyezi yambiri osasungunuka. Phirilo limakhala ngati nkhokwe ya madzi, pakuti limasunga m'nyengo yozizira ndi kuturutsa pang'onopang'ono dzuwa likayamba kutentha. Mtsinje wa Zambezi ulibe cipale cotere. Nkhokwe yake ndi mcenga wakuya wa kumadzulo, madambo a ku Angola ndi a ku Mwinilunga, ndi cigwa ca ku Barotse cija. Mvula imagwa kwambiri kuyambira Disembala kufikira Febuluwale, koma madziwo safulumira. Amayamba adzaza cigwa conse, kufikira Litunga atakwera bwato lake la Nalikwanda kucoka ku Lealui kunka ku Limulunga pa mwambo wa Kuomboka. Pambuyo pake ndi pamene amatsikira ku Livingstone, nafika ndi ukali wao wonse m'mwezi wa Epulo, mvula itatha kale ndipo cimanga cikuuma m'minda.

Akatswiri oyesa mitsinje amawerenga madzi ndi muyeso wochedwa kiyubiki mita. Kiyubiki mita imodzi ndiyo malita 1,000, kapena migolo 5 ya malita 200, yonga imene amai amasungiramo madzi m'komboni. M'mwezi wa Epulo, pa caka cabwino, makiyubiki mita pafupifupi 3,000 amagwa pa mathithi pa sekondi iliyonse. Pofika Novembala amatsala ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi amenewo. Kusiyana kumeneku kuyenera kukumbukiridwa, cifukwa mlandu wonse wa ngalande wagona pomwepa.

Mathithiwo ndi otambalala mamita 1,708, ndipo pamene pali pakuya kwambiri madzi amagwa mamita 108. Aleya a Mfumu Mukuni ndi anansi ao Atoka anali kuwachula Shungu Namutitima, ndipo anali ndi malo ao opatulika m'mbali mwake operekerapo nsembe kwa makolo. Akololo anawacha Mosi-oa-Tunya, ndiko kuti utsi umene ugunda. David Livingstone anawaona mu Novembala 1855, atatengedwa pa bwato ndi anthu a Mfumu Sekeletu, nawapatsa dzina la Mfumukazi Victoria. Pansi pa mathithi mtsinje wonse umapanikizika m'zigwembe zopapatiza za mwala wakuda, zokhotakhota ngati njira ya njoka. Cigwembe ciriconse cinali mathithi pa nthawi yake kalekale, mtsinje usanadye mwala ndi kubwerera m'mbuyo. M'coyamba ndimo madzi agwera masiku ano. Pa caciwiri ndipo pali mlatho wa sitima umene unatsegulidwa mu 1905. Cacitatu ndico ca makina a magetsi.

Azungu oyamba kuganiza za magetsi pa malo amenewa sanali kuganizira mzinda wa Livingstone konse. Maso ao anali ku Joni. Mu 1906 kunakhazikitsidwa kampani ya Victoria Falls Power Company, ndipo colinga cake cinali cakuti mphamvu ya mathithi iyende pa mawaya makilomita pafupifupi 1,000 kukafika ku migodi ya golidi ya ku Johannesburg. Anthu a ndalama ku London ndi ku Germany anaikapo cuma cao. Koma atawerenga bwino anapeza zinthu ziwiri zobvuta. Coyamba, nzeru za masiku amenewo sizikanatha kutumiza magetsi mtunda wotere popanda kutaya ambiri m'njira. Caciwiri, madzi a Novembala anali ocepa koposa m'mene olemba mapepala a kampani anali kuyembekezera. Cotero kampaniyo inamanga nyumba zake za magetsi ku Transvaal komweko, niyamba kutentha malasha. Mu 1909 inaonjezera mau a Transvaal pa dzina lake, ndipo mu 1948 inagulidwa ndi Escom. Amuna ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Barotse amene anapita ku Joni ndi Wenela anagwira nchito ndi magetsi ndi mpweya wa kampani ya dzina la mathithi awa, pamene dontho limodzi lomwe la Zambezi silinalowepo m'makina ake.

Maloto amenewo anakwaniritsidwa patapita zaka 70, koma pa malo ena. Apwitikizi anamanga khoma la Cahora Bassa pa Zambezi yemweyo m'cigawo ca Tete, nalitsiriza mu 1974, ndipo kuyambira mu 1977 magetsi a kumeneko anayamba kuyenda makilomita pafupifupi 1,400 kunka ku South Africa.

Ku Livingstone zinthu zinayamba mocepa. Mzindawu unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911, koma mu 1935 Boma linasamukira ku Lusaka, ndipo makina oyamba a madzi anayamba kuzungulira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Bwanamkubwa atapita kale. Poyamba anali awiri, alionse a megawati imodzi, ndipo pambuyo pake anaonjezera ena awiri a mamegawati 3, zonse pamodzi nizikwana 8. Lero mphamvu yotere ingaoneke yacabe, koma pa nthawiyo inakwanira mzinda, mahotela, nyumba za njanje, ndi maceka a Zambezi Sawmills amene anali kuceka mitengo ya mukusi yobwera pa sitima ya ku Mulobezi.

Macitidwe ake ndi osabvuta kumva. Pa gombe la ku Zambia, pamwamba pang'ono pa mathithi a kum'mawa amene Azungu amawacha Eastern Cataract, pali cipata cokhala ndi zitsulo zochinga mitengo ndi zinyalala. Madzi amalowa pa cipatapo, nayenda m'ngalande pamtunda, kulambalala mathithi, kufikira pa mlomo wa cigwembe cacitatu. Pamenepo amalowa m'mipope ikuruikuru ndi m'ngalande za pansi pa mwala zotsetsereka kwambiri, natsika mamita pafupifupi 100. Pansipo amamenya magudumu a citsulo okhala ndi mapiko, magudumuwo nazunguza majenereta, ndipo majenereta ndiwo abala magetsi. Madzi akatha nchito yao amaturukira m'dziwe la pansi lochedwa Silent Pool, nabwerera mumtsinje. Akuru anati madzi saiwala khwawa, ndipo pano mauwo ndi oona ndithu: palibe madzi amene amatenthedwa kapena kumwedwa ndi makina. Munthu woima ku Batoka kapena ku Kariba amalandira madzi onse amene anadutsa pa Kazungula. Cimene cimasowa ndi cimodzi cokha. Madzi a m'ngalande sagwa pa mathithi pamaso pa anthu, koma amagwa mumdima m'kati mwa mpope.

Nyumba ya magetsi yotere iribe nkhokwe. Imadya zimene mtsinje wabweretsa tsiku lomwelo, ngati munthu wa ganyu. Ubwino wake ndi wakuti sinamize munda kapena manda a munthu aliyense. Kuti ubwino umenewu umveke kukula kwake, mpofunika kuyang'ana ku Kariba.

Migodi ya mkuwa itakula pambuyo pa nkhondo yaciwiri, malasha a ku Wankie sanali kufika okwanira pa njanje, kotero kuti nthawi zina migodi inali kutentha nkhuni, ndipo nkhalango zambiri za ku Copperbelt zinagwa m'zaka zimenezo. Mu 1956 anayamba kugula magetsi a madzi kucokera ku Katanga. Anthu ambiri a ku Northern Rhodesia anafuna kuti khoma lalikuru limangidwe pa Kafue, koma Boma la Federation mu 1955 linasankha Kariba. Khomalo, lotalika mamita 128 kunka m'mwamba, linamangidwa ndi kampani ya ku Italy, ndipo madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 anaononga nchito yambiri, Atonga nati ndi mkwiyo wa Nyaminyami. Anchito oposa 80 anafera pa nchitoyo. Atonga a m'cigwa ca Gwembe okwana 57,000, a tsidya lino ndi tsidya lija, anasamutsidwa kusiya minda yao ya m'mbali mwa mtsinje imene inali kubala kawiri pa caka. Mu Seputembala 1958 anthu a Mfumu Chipepo anakana kusamukira ku Lusitu, ndipo apolisi anaombera mfuti pa mudzi wa Chisamu, nafa amuna 8. Mu 1960 mai wa Mfumukazi Elizabeth anatsegula Kariba, magetsi nayenda kunka ku Kitwe pa mawaya odutsa pamwamba pa midzi yatsopano ya Atonga, imene inakhalabe mumdima zaka zambiri.

Dziko la Zambia litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, linapeza kuti makina onse a ku Kariba anali tsidya la ku Rhodesia. Ndipo pamene Ian Smith analengeza ufulu wake wosabvomerezeka pa 11 Novembala 1965, moyo wa migodi ya mkuwa unali m'manja mwa boma la adani. Mgodi wosowa magetsi suima cabe ngati sitolo yotsekedwa. Umamira, pakuti mapampu akaleka madzi a pansi amakwera. Boma la Dr Kenneth Kaunda linafulumira kumanga nyumba zake za magetsi m'kati mwa malire ake. Ku Livingstone anaboola mwala namanga nyumba yaciwiri pansi pa nthaka, ya makina 6 a mamegawati 10 alionse, imene inayamba nchito ca m'ma 1968. Inatsatira yacitatu, ya makina 4 a mamegawati 10. Pamodzi ndi 8 akale aja, zonse zinakwana mamegawati 108, nambala yofanana ndi mamita a kuya kwa mathithi, ngakhale zimenezi zinangocitika mwangozi. Mu 1970 kunakhazikitsidwa ZESCO, imene iyendetsa makinawa kufikira lero. Kafue Gorge inayamba nchito mu 1971, ndipo makina a ku Kariba a tsidya la Zambia anayamba kuzungulira mu 1976.

Tsono apa mpamene ngalande inasanduka nkhani. Masamu ake ndi awa. Kiyubiki mita imodzi ya madzi, ikamagwa mamita 100 pa sekondi iriyonse, imabala mphamvu yocepera pang'ono pa megawati imodzi. Makina akale a mamegawati 8 anali kumwa madzi ocepa kwambiri, osazindikirika ndi maso. Koma kuti makina onse a mamegawati 108 azungulire pamodzi, pafunika makiyubiki mita oposa 100 pa sekondi, ndiyo migolo yoposa 500 pa kuphethira kumodzi kwa diso. M'mwezi wa Epulo madzi amenewa sali kanthu. Ali ngati kutapa cikho cimodzi mumtsuko wodzala. Mu Okutobala ndi Novembala, mtsinje wonse ukatsala ndi makiyubiki mita 300 kapena kucepera apo, ngalande ingathe kutenga gawo limodzi mwa magawo atatu a Zambezi yense, ndipo imatenga ku mbali imene madzi ali ocepa kale.

Pakuti mlomo wa mathithi suli wolingana. Kumadzulo, tsidya la Zimbabwe, pa Devil's Cataract ndi pa Main Falls, mwala ndi wotsika, ndipo madzi akacepa amathamangira kumeneko. Kum'mawa, tsidya la Zambia, mwala ndi wokwera. Ncifukwa cake m'cilimwe mlendo woima pa kamlatho ka Knife Edge amaona khoma lalitali la mwala wouma, ndi timadzi towerengeka totsika ngati ulusi, pamene mnzake wa tsidya lija alikunyowa ndi nthunzi. Pali anthu amene amati ZESCO ndiyo imaumitsa mathithi. Pali enanso amene amati ngalande iribe mlandu konse, cifukwa mbali ya kum'mawa inali kuuma m'cilimwe makina asanabwere. Onse awiri anena theka la coona. Mbaliyo inali kucepa madzi kuyambira kale, koma ngalande imafulumiza kuuma kwake ndi kutalikitsa masiku ake, ndipo munthu wokana zimenezi akukana masamu.

Kwa anthu a ku Livingstone iyi si nkhani ya kukongola kokha. Mafakitale amene mzindawu unali nao, a nsalu, a matabwa, ndi ija yolumikiza magalimoto a Fiat, ambiri anatsekedwa, ndipo cuma ca mzinda cinatsamira pa alendo. Wosema ziboliboli wa kwa Mukuni, mai wogulitsa nsalu pa msika, woyendetsa takisi, wophika ndi woyala m'hotela, onsewa amadya cifukwa ca madzi ogwa pa mwala. Mlendo amene walipira ndalama zambiri kucokera ku Ulaya, akapeza mwala wouma, amaoloka mlatho nakagona tsidya lija, ndipo ndalama zake zimagona naye komweko. Cakumapeto kwa 2019, caka ca cilala, zithunzi za mwala woumawo zinafalitsidwa pa dziko lonse, anthu akutali nakhulupirira kuti Mosi-oa-Tunya wafa, ngakhale kuti pa Main Falls madzi anali kugwabe, ndipo patangopita miyezi yowerengeka mtsinje unadzalanso. Komabe cilimwe ciri ndi malonda akenso. Madzi akacepa mpamene alendo amatha kufika pa cisumbu ca Livingstone ndi kusambira m'dziwe la Devil's Pool pa mlomo peni peni pa phompho, ndiponso mpamene mabwato a mphira, amene anayamba mu 1981, amayenda bwino m'zigwembe za kumunsi.

Maiko ena anakumana ndi mlandu wotere, ndipo njira zao ziri ndi phunziro. Ku Australia kuli mtsinje wochedwa Snowy, umene umabadwira m'cipale ca mapiri a Kosciuszko nutsikira ku nyanja ya kumwera. Kuyambira 1949 kufikira 1974 Boma la kumeneko linamanga makoma 16 ndi nyumba za magetsi 7, niliboola mapiri ndi ngalande za pansi zotalika makilomita 145, kuti madzi atembenuke kunka kumadzulo, ku mitsinje ya Murray ndi Murrumbidgee, abale magetsi potsika ndi kuthirira minda. Anthu pafupifupi 100,000 ocokera m'maiko oposa 30 anagwira nchitoyo, ndipo inachuka pa dziko lonse. Koma kunsi kwa khoma la Jindabyne, lotsirizidwa mu 1967, mtsinjewo unatsala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a madzi ake. Mcenga unakwirira maiwe, zomera zinamera pakati pa mtsinje, nsomba zinacepa. Anthu a m'mbali mwake anadandaula zaka zoposa 30, kufikira maboma anabvomera kubwezera madzi pang'onopang'ono kuyambira mu 2002, ndi colinga cakuti afike pa magawo 21 mwa 100. Kubwezera kunakhala kobvuta ndi kodya ndalama koposa kutenga, cifukwa pa nthawiyo alimi ndi mizinda anali atazolowera kale madziwo. Zambezi sanafike pamenepo, pakuti madzi ake sapatutsidwira ku mtsinje wina, ndipo malo olandidwa madzi ndi afupi.

Citsanzo cofanana kwambiri ndi Livingstone ndi ca mathithi a Niagara, pa malire a Canada ndi United States. Kumeneko nakonso madzi amapatutsidwa pamwamba pa mathithi ndi kubwezedwa kunsi kwake. Mu 1950 maiko awiriwo anasaina pangano lakuti m'miyezi ya alendo, kuyambira Epulo kufikira Okutobala, madzi ogwa pa mathithi masana asacepere makiyubiki mita 2,800 pa sekondi, koma usiku ndi m'nyengo yozizira angathe kutsika kufika pa theka lake. Kunena mwacidule, anagawana mtsinje ndi wochi: masana ngwa maso a anthu, usiku ngwa makina.

Mosi-oa-Tunya analembedwa ndi UNESCO mu 1989 pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, m'dzina la Zambia ndi Zimbabwe pamodzi. Kuyambira pamenepo nkhani ya ngalande yakhala ikuturuka m'misonkhano ya bungwelo, ndipo mu 2012 linayamikira Zambia cifukwa cobvomera mwa kufuna kwake kucepetsa madzi opatutsidwa m'cilimwe. Nzeru yogawana ndi wochi ikuoneka yoyenera pano, cifukwa nthawi imene mizinda imafuna magetsi koposa ndi madzulo, amai akuphika ndi ana akuwerenga, ndipo pa nthawiyo alendo amakhala atacoka kale pa mathithi. Koma lonjezo la kufuna kwa mwini nlosabvuta kusunga pa caka ca mvula. Mayeso ake amabwera pa caka ca cilala.

Caka cotero cinafika mu 2024. Mvula inakana m'zigawo zambiri, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Pa nthawiyo magawo oposa 80 mwa 100 a magetsi a Zambia anali ocokera ku madzi. Nyanja ya Kariba inaphwa kotero kuti pofika Seputembala, pa makina 6 a tsidya la Zambia, a mamegawati 1,080, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira. M'makomboni a ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Livingstone komwe magetsi anali kuzima maora 21 pa tsiku, ndipo kwina masiku athunthu. Zigayo zinaima. Ooca zitsulo, ometa tsitsi ndi ogulitsa nsomba za m'firiji anali kudzuka pakati pa usiku kudikira maora atatu aja. Mabanja anabwerera ku mbaula, mtengo wa makala nukwera, ndipo mitengo inagwa m'nkhalango zomwe zija zimene zimasunga madzi a mitsinje. Pa nthawi yotere mamegawati 108 a ku Livingstone, amene ali gawo limodzi cabe mwa magawo 10 a ku Kariba, anasanduka a mtengo wapatali. Munthu amene akanauza wosunga cigayo wa ku Libuyu kuti makina azimitsidwe masana kuti alendo ajambule zithunzi, akanayenera kukonzeka kumva mau owawa. Koma mlongo wake wa wacigayoyo mwina ndiye woyala m'hotela, ndipo onse awiri amadya nsima pa mphasa imodzi.

Anthu a ku migodi angafunse kuti iwo zikuwakhudza bwanji. Migodi imadya pafupifupi theka la magetsi onse a dziko lino, ndipo siingathe kugawana ndi wochi, cifukwa mapampu, zikepe ndi makina a mpweya sagona. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe uli m'gulu la migodi yonyowa koposa pa dziko lapansi. Tsiku lirilonse mapampu ake amakweza madzi oposa makiyubiki mita 300,000 kucokera pansi. Madzi amenewo amathiridwa mu Kafue, natsika kudutsa Itezhi-Tezhi, nazunguza makina a ku Kafue Gorge, kenaka nalowa m'Zambezi kufupi ndi Chirundu. Cotero madzi ogwa ku Livingstone amathandiza kukweza madzi a ku Konkola, ndipo a ku Konkola potsika amabwezako mphamvu ina. Magetsi akacepa pa mawaya a dziko, migodi ndiyo imayamba kutetezedwa, cifukwa mkuwa ndiwo umabweretsa ndalama zakunja zocuruka, ndipo wotsala mumdima amakhala mkazi wa mgodi yemweyo ku komboni.

Kunsi kwa mathithi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kuli cigwembe ca Batoka, kumene Zambia ndi Zimbabwe akhala akufuna kumanga khoma lina kwa zaka zambiri, kudzera m'bungwe lao la Zambezi River Authority limene linakhazikitsidwa mu 1987. Khomalo akuti lidzatalika mamita pafupifupi 180, ndi kubala mamegawati 2,400 ogawana pakati pa maiko awiriwo. Mu 2019 nchitoyo inaperekedwa kwa makampani a General Electric ndi PowerChina, koma siinayambe, ndipo pofika 2024 maboma anali kunena zoitananso makampani ena. Likadzamangidwa, madzi ake adzabwerera m'mbuyo m'zigwembe kufika pafupi ndi mathithi, namiza mafunde ambiri amene mabwato a mphira amayendamo, pamodzi ndi nchito za anyamata a m'midzi ya kwa Mukuni amene amapalasa mabwatowo ndi kusenza katundu wake kukwera naye phompho. Amisiri adzayeneranso kusamala kuti nyanja yatsopanoyo isakwere kufikira pa dziwe la Silent Pool, pakuti madzi a kunsi akakwera, mamita 100 aja amacepa, ndipo makina a m'cigwembe cacitatu amataya mphamvu. Ndiponso Batoka adzamwa mumtsinje womwewo, wodikira mvula yomweyo ya ku Angola ndi ku Mwinilunga, kotero kuti pa caka conga 2024 makina ake ambiri nawonso adzakhala cete m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala.